Mpeni wa Yehoyakimu: Za Mafilimu Oopsa, Kudulidwa Kwake ndi Zidutswa Zotayika

Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu amene atha zaka zambiri akufufuza m'nyumba zosungiramo katundu ndi m'mabokosi akale, kufunafuna mphindi ziwiri kapena zitatu za filimu zimene zidadulidwa kalekale ndipo sizidaonekenso. Mafilimu ake kawirikawiri si aulemu. Ndi aja ankapangidwa mothamanga, ndi ndalama zochepa, ndipo malonda ake adali magazi, maliseche ndi mantha a munthu woonera. Tiwatche mafilimu odyera pa mantha. Wowerenga angafunse kuti nkhani yotere ikudzatani m'magazini ya maphunziro a zaumulungu, imene amawerenga ansembe a ku Namitete ndi ku Nambuma pamodzi ndi anyamata athu a ku Kachebere.

Zifukwa zilipo zitatu. Choyamba, dziko lathu lidakhala zaka zoposa 25 pansi pa lumo lakuthwa kwambiri, lodula mafilimu, mabuku ndi nyimbo. Chachiwiri, Eklezia mwini adagwirapo lumo lotere kwa zaka mazana ambiri, kotero kuti mlanduwu ukutikhudza. Chachitatu, lero mwana wa ku Nsaru kapena ku Mpingu amaonera pa foni ndi m'tinyumba ta vidiyo zinthu zimene kale ngakhale akuluakulu a m'tauni sankaloledwa kuziona, ndipo makolo ake amabwera kwa bambo mfumu wa parishi kudzafunsa chochita. Mfundo imene ndikufuna kuiteteza ndi iyi: banja, mudzi, ngakhale boma, angathe kuphimba chinthu kuti maso ena asachione, koma palibe amene ali ndi ufulu wochifafaniza, kapena wodula mobisa ndi kunamiza anthu kuti chimene aona nchathunthu.

Mafilimu anayi ndi malumo anayi

Mu 1932 kampani ya MGM idatulutsa filimu ya Tod Browning yotchedwa *Freaks*. Ambiri mwa ochita sewerolo adali anthu olumala enieni, aja ankaonetsedwa m'mahema kuti anthu alipire ndi kuwadabwa. Nkhani yake ndi ya mkazi wokongola amene akwatiwa ndi mmodzi wa iwo pofuna chuma chake, nayamba kumdyetsa mankhwala akupha, mpaka anzake a mwamunayo abwezera usiku wa mvula. Oonera oyamba adanyansidwa, ndipo eni kampani adaidula kuchokera pa mphindi pafupifupi 90 kufika pa 64. Zodulidwazo zidatayikiratu. Ku Britain filimuyi idaletsedwa mpaka 1963. Komatu ukaiona bwino, magazi ngochepa. Chimene chimabaya mtima nchakuti anthu amene dziko linkawaseka akuoneka akudya pamodzi, akukondana, akukondwerera kubadwa kwa mwana, pamene chilombo chenicheni ndi wokongola uja. Ife amene taona abale athu achialubino akusakidwa m'dziko lathu lino sitingaiyese filimu yachabe.

Yachiwiri ikutikhudza ife ansembe. *The Devils* ya Ken Russell, ya mu 1971, ikusimba mbiri yoona ya wansembe Urbain Grandier, amene adatenthedwa mu 1634 mumzinda wa Loudun ku France, atanamiziridwa kuti adalowetsa mizimu yoipa mwa asisitere. Filimuyi ili ndi zonyansa zambiri, ndipo chigawo china, m'mene asisitere openga anyoza mtanda, chidadulidwa filimu isanatuluke. Anthu ankayesa kuti chidatayika, mpaka mu 2002 pamene chidapezeka chifukwa cha khama la wolemba za mafilimu Mark Kermode. Russell adapyola muyeso, ndipo m'malo ambiri akuoneka kuti akusangalala ndi zimene akuti akudzudzula. Koma pansi pa phokoso lonselo pali phunziro lowawa: andale adagwiritsa ntchito mlandu wa ufiti kuti achotse munthu amene adaima panjira yawo, ndipo atumiki ena a Eklezia adawabwereka guwa.

Yachitatu ndi *Africa Addio*, ya Gualtiero Jacopetti ndi Franco Prosperi a ku Italy, ya mu 1966. Iwowa adajambula kuphedwa kwa nyama ndi kwa anthu m'maiko a mu Africa amene adali atangolandira ufulu, kuphatikizapo zimene zidachitika ku Zanzibar mu 1964, naziyala mwa njira yoonetsa kuti Mwafirika akasiyidwa yekha amabwerera ku uchinyama. Mu 1970 wamalonda wina wa ku America adaidula kwambiri, nachotsa zofotokoza za ndale, nasiya zamagazi zokhazokha, naitcha *Africa Blood and Guts*. Pano lumo silidali la boma kapena la mpingo. Lidali la ndalama, ndipo lidadula kuti chinthu chiipe koposa. Koma ngakhale yathunthuyo si yoona. Filimu yosadulidwa ingathe kunama kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Yachinayi ndi *Cannibal Holocaust* ya Ruggero Deodato, imene akhoti a ku Italy adailanda patangopita masiku ochepa chionetsedwere ku Milan mu 1980. M'filimuyi nyama zenizeni zidaphedwa pamaso pa kamera. Ku Britain idalowa m'ndandanda wa matepi 72 amene boma lidawayesa onyansa, ndipo mkangano wa matepiwo udabala lamulo la 1984 lakuti tepi iliyonse iziyamba yaunikidwa. Filimuyi imadzitama kuti ikudzudzula azungu ojambula masautso a anthu a m'nkhalango, koma iyo yomwe ikudya pa mbale imodzimodziyo. Apa choipa chidachitika pojambula pomwe, ndipo palibe lumo limene lingabwezere moyo kwa cholengedwa chophedwera malonda.

Mafilimu anayiwa akutiphunzitsa kuti mawu akuti "yosadulidwa" satsimikiza ubwino, ndipo mawu akuti "yodulidwa" satsimikiza chitetezo. Tiyenera kufunsa nthawi zonse: adadula ndani, chifukwa chiyani, nanga chodulidwacho adachiika kuti?

Lumo la kwathu kuno

Kudula mafilimu chifukwa cha Mwafirika sikudayambe ndi boma lathu. Atsamunda ankakhulupirira kuti munthu wakuda satha kusiyanitsa chithunzi ndi moyo, choncho ku migodi ya ku Northern Rhodesia, kumene kudali Anyasa ambiri, mafilimu ankadulidwa mpaka nkhani yake osamvekanso mutu. Pakati pa 1935 ndi 1937 bungwe la Bantu Educational Kinema Experiment lidapanga mafilimu 35 oti ngoyenera Aafirika, ndipo lidayenda nawo mpaka kuno ku Nyasaland. Mwa onsewo atatu okha ndiwo adapulumuka, ndipo ali ku Britain.

Titalandira ufulu, lumo lidangosintha dzanja. Mu 1968 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo la Censorship and Control of Entertainments Act, limene lidabala bungwe la Censorship Board. Filimu iliyonse inkayamba yaonedwa ndi bungweli isanafike m'nyumba za kanema, ndipo zigawo za kupsompsonana ndi zina zotere zinkachotsedwa. Matepi a vidiyo atafika, nawonso ankayenera kupita komweko. Mabuku mazana ambiri adaletsedwa, nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa *Cecilia* idaletsedwa chifukwa cha dzina lokha, ndipo wailesi ya kanema sidaloledwe. Dziko lidadikira mpaka 1999 kuti likhale ndi yakeyake. Kumidzi ya kumadzulo kwa Lilongwe, kumene chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme chidayamba mu 1968, kanema amene anthu ankamdziwa adali wa galimoto la zaulimi, wophunzitsa kupanga mizere ndi kuthira feteleza. Mlimi wa kwa Kabudula sadaonepo filimu yoopsa, yodulidwa kapena yathunthu.

Tsono kodi Malawi adataya chiyani? Mafilimu akunja adatsala athunthu kwawo. Chimene tidataya ife nchachikulu koposa. Woonera wa ku Blantyre ankaona mwamuna ndi mkazi akuyandikizana, chithunzi nkulumpha, iwo ali kale pa khomo, ndipo palibe amene ankamuuza chimene chachotsedwa kapena chifukwa chake. Mtundu wonse udasanduka Kandimverere, amene akulu adati adakanena za m'maluwa: wina ankationera, wina ankatiwerengera, ife nkumalandira zotsala. Olemba masewero, kuyambira a m'sukulu za sekondale mpaka a ku Chancellor College, ankatumiza zolemba zawo ku bungwe lija asanakwere pa bwalo, ndipo posakhalitsa adaphunzira kudzidula okha. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, *Of Chameleons and Gods*, la mu 1981, lidachotsedwa m'masitolo ndi m'sukulu mu 1985, ndipo mwiniwake adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Bukulo lilipo. Koma sewero limene mphunzitsi wina adaliganiza, nachita mantha, osalilemba, silidzapezeka m'bokosi lililonse. Zotayika zathu zenizeni ndi zimenezo.

Ndipo pamene lumo linkatiteteza ku magazi a m'chithunzi, magazi enieni ankakhetsedwa mumdima. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu osachepera 30 adaphedwa usiku m'makomo a ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, ndipo poti anthu sankakhulupirira zimene boma linkanena, mphekesera idadzaza malo, yakuti magazi a anthu akugulitsidwa ku South Africa kubweza ngongole. M'mwezi wa May 1983 wailesi idalengeza kuti Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza; bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa mu 1994 lidapeza kuti adachita kuphedwa. Kwa zaka 11 mtundu udaonetsedwa mbiri yake yodulidwa. Dzanja limene lazolowera kudula chipsompsono popanda kufotokoza silivutika kudula imfa.

Nafenso tidagwira lumo

Sitingaloze chala boma ngati kuti manja athu ngoyera. Ndandanda wa mabuku oletsedwa wa Eklezia udayamba mu 1559 ndipo udatha mu 1966. Malamulo amene adalamulira mafilimu a ku Hollywood kuyambira 1930 adalembedwa ndi wansembe wa chipani cha Ajezuwiti, Daniel Lord, pamodzi ndi mkatolika mnzake Martin Quigley. Mu 1936 Papa Pius XI, m'kalata yake *Vigilanti Cura*, adayamikira aepiskopi a ku America chifukwa cha gulu lawo la Legion of Decency, napempha kuti maiko onse akhale ndi maofesi osanthula mafilimu. Cholinga chidali chabwino, pakuti chithunzi chili ndi mphamvu pa mtima wa mwana. Koma taonani chimene chidagwera *La Passion de Jeanne d'Arc* ya Carl Theodor Dreyer, ya mu 1928. Idadulidwa ku Paris pokakamizidwa ndi akulu a Eklezia ndi a boma, chifukwa idaonetsa oweruza ovala mikanjo akuzunza namwali woyera. Filimu yoyambirira idapsa pa moto ku Berlin chaka chomwecho. Yathunthu idapezeka mwamwayi mu 1981, m'kachipinda ka chipatala cha odwala misala cha Dikemark pafupi ndi Oslo. Ndipo mu 1995, pamene Vatican idatchula mafilimu 45 ofunika kwambiri, iyi idalimo. Idalimonso *Nosferatu* ya mu 1922, filimu yoopsa ya mzukwa woyamwa magazi, imene khoti la ku Germany lidalamula mu 1925 kuti iwonongedwe pa mlandu wa umwini wa nkhani. Oweruza a dzulo akadapambana, Eklezia wa lero sakadakhala ndi choti ayamikire.

Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udaona patali. Chikalata cha *Inter Mirifica*, cha pa 4 December 1963, chimavomereza kuti kufotokoza kapena kuonetsa choipa kungathandize kumdziwa munthu mozama ndi kuwalitsa ukulu wa choona ndi chabwino, malinga malamulo a makhalidwe asungidwe. *Communio et Progressio* ya mu 1971 idapita patsogolo, ponena kuti kuletsa kukhale kwa pa nthawi zoopsa zokha, ndi kuti ntchito yaikulu ndiyo kuphunzitsa woonera kusanthula yekha.

Ife a ku Malawi phunziroli tidaliphunzira pa thupi pathu. Ambuye Patrick Kalilombe, amene adakhala Episkopi wa Lilongwe mu 1972 nakhazikitsa miphakati m'maparishi athu onse, adatuluka m'dziko mu 1976 chifukwa boma lidakayikira akhristu okumana m'timagulu ndi kukambirana okha. Pa 8 March 1992 kalata ya Lenti ya aepiskopi idawerengedwa m'matchalitchi onse. Patangopita masiku ochepa boma lidaitcha youkira, kukhala nayo kudasanduka mlandu, nyumba yosindikizira ya a Montfort ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsignor John Roche adathamangitsidwa m'dziko. Amene adalawa lumo motere sayenera kulilakalaka mopepuka.

Zimene anzeru adaona

Mkanganowu ngwakale. Plato, m'buku lake la za boma labwino, adafuna kuti nthano zoopsa za kumanda zichotsedwe m'maphunziro a achinyamata, poopa kuti zingawafooketse mtima. Wophunzira wake Aristotle adaona mosiyana: sewero la tsoka limadzutsa chisoni ndi mantha kuti liziyeretse, monga mankhwala owawa atsuka m'mimba. Onse awiri adanena zoona, aliyense za munthu wake. Plato ankaganiza za mwana, Aristotle za munthu wokhwima.

Augustine Woyera adalowa mozama koposa. M'buku lachisanu ndi chimodzi la *Confessiones* akusimba za bwenzi lake Alypius, amene anzake adamkokera ku bwalo kumene anthu ankaphana pa masewera. Iye adatsinzina, natsimikiza kuti saona; koma khamu litafuula adatsegula maso, ndipo adatuluka ali munthu wina, wofuna kubwereranso. M'buku lakhumi Augustine akufunsa chifukwa chake anthu amathamangira kukaona mtembo wonyenyeka pamene mulibe chokoma, ndipo akuchitcha chilakolako cha maso. Apa ndi pamene pali muzu wa malonda a mafilimu odyera pa mantha, ndiponso muzu wa njala ya ena ofunafuna zidutswa zotayika. Ambiri safuna choona. Afuna mphindi ija imene adauzidwa kuti siyoti aione.

Thomas Aquinas akusiyanitsa khama lofuna kudziwa, limene ndi khalidwe labwino, ndi chidwi chopanda malire, chimene ndi chilema. Chinthu chimodzi chomwecho angachione anthu awiri, wina kuti amvetse, wina kuti akhute. Koma Thomas yemweyo akuphunzitsa kuti lamulo la anthu sililetsa zoipa zonse. Liletsa zazikulu zokha, makamaka zopweteka ena, pakuti lamulo lofuna kuyeretsa aliyense mokakamiza limabala zoipa zoposa. Kuchokera apa titha kuika malire. Chithunzi chimene chidapangidwa pozunza mwana, pogwirira mkazi kapena popha, ndi chipatso cha mlandu, ndipo boma liyenera kuchilanda ndi kulanga ochipanga. Koma chithunzi chimene chingotinyansa, kapena kutichititsa manyazi, kapena kutinena ife, chiyenera kuyankhidwa ndi chiweruzo cha anthu ophunzitsidwa bwino.

Phunziro la ku dambwe ndi la m'Masalimo

Achewa a kwa Kalolo ndi kwa Kabudula sadayembekeze azungu kuti awaphunzitse za mantha. Gule Wamkulu ndi sukulu ya mantha yolongosoka: chilombo chimatuluka pa nthawi yake, pa maliro, pa chinamwali kapena polonga mfumu, chimaopseza, chimaseketsa, chimalangiza, kenaka chimabwerera. Ali ndi malamulo a amene angaone ndi amene sangaone. Wosameta safika ku dambwe. Uku ndiko kuphimba. Koma mwana amadziwa kuti pali chobisika, amadziwa amene akuchisunga, ndipo amadziwa kuti tsiku lake lidzafika. Ngakhale zilombo zoluka, monga kasiyamaliro, zimene zimatenthedwa mwambo ukatha, sizitayika, chifukwa luso loziluka limatsala m'manja mwa anthu.

Amishoni oyamba sadaone zimenezi. M'zaka za m'ma 1920, nthawi imene mishoni ya Nambuma idatsegulidwa, nkhondo ya pakati pa sukulu za mishoni ndi Nyau idakula, ndipo amishoni adapempha boma la atsamunda kuti liletse gule, monga Ian Linden adafotokozera m'buku lake la mu 1974. Zifukwa zina zidali zomveka, pakuti ana ankachotsedwa m'sukulu ndipo akhristu ena ankamenyedwa. Eni gule adayankha mwa njira yawo, natulutsa zilombo zotchedwa Simoni, Maliya ndi Yosefe. Kukadakhala kuti pempho lija lidatheka kwathunthu, bwenzi Bambo Claude Boucher, amene adayambitsa KuNgoni ku Mua mu 1976, alibe zoti asonkhanitse. Lero kumeneko kuli zigoba za gule zoposa 400, ndipo UNESCO idalemekeza Gule Wamkulu mu 2005. Sindikunena kuti zonse za ku dambwe nzoyera. Ndikunena kuti m'badwo umodzi ulibe nzeru zokwanira kuweruza m'malo mwa mibadwo yonse, ndipo madzi akatayika saoleka.

Chitsanzo chabwino koposa tili nacho m'manja tsiku ndi tsiku. Buku la mapemphero a ansembe limene lidakonzedwa mu 1971 lidasiya Masalimo atatu, 58, 83 ndi 109, ndiponso mavesi ena a matemberero, monga mathero a Salimo 137. Tinganene kuti timapemphera Masalimo odulidwa. Koma taonani m'mene Eklezia adadulira. Malangizo a kumayambiriro kwa bukulo akunena poyera kuti Masalimowa asiyidwa, akupereka chifukwa chake, manambala a mavesi akuonetsa pamene padumphidwa, ndipo Baibulo lathunthu lili pa tebulo pomwepo. Momwemonso nkhani yoopsa ya pa Oweruza 19 sitiiwerenga pa Misa, koma palibe adaing'amba, ndipo wophunzira za unsembe ayenera kuidziwa. Kudula kolungama kuli ndi zizindikiro zitatu: wodula amadziwika, chifukwa chimanenedwa, chathunthu chimasungidwa.

Kudula kwa mtundu winawo tikukupeza pa Yeremiya 36. Mfumu Yehoyakimu ili pa moto nyengo yozizira, mpukutu wa mneneri ukuwerengedwa, ndipo akawerenga pang'ono mfumu imadula ndi mpeni wa mlembi ndi kuponya pa moto, mpaka mpukutu wonse utha. Mfumuyo sinkateteza ana. Inkadziteteza yokha ku mawu oiweruza.

Nanga ife titani?

Lero vuto latembenuka. M'misika ya ku Namitete, ku Nsaru ndi ku Nambuma mwana amalipira kandalama kochepa ndi kulowa m'kanyumba ka vidiyo, m'mene mafilimu akunja amamveka m'Chichewa, womasulira akuthirira nthabwala zake. Tidachoka pa lumo lodula zonse kufika pa bwalo lopanda mpanda, osadutsa pa sukulu ya kusanthula. Ndipo filimu yoopsa kwenikweni kwa anthu athu si ya mizukwa ya ku Ulaya, imene mwana amadziwa kuti ndi nthano. Ndi ya ufiti, yooneka ngati ulaliki. *End of the Wicked*, ya ku Nigeria ya mu 1999, yochokera ku mpingo wa Helen Ukpabio, idaonetsa ana akutuluka usiku kukadya nyama ya anthu, ndipo idadzudzulidwa kwambiri kuti idakoleza moto wonamizira ana ufiti. Mafilimu a mtundu umenewu amagwera pa nthaka yolimidwa kale. Mu January 2016 okalamba anayi adaphedwa ku Neno powaganizira ufiti mphezi itapha mtsikana, ndipo mu 2017 mphekesera ya anamapopa idaphetsa anthu ku Mulanje ndi madera oyandikana nawo.

Mkhristu akabwera kudzati, "Abambo, uzani boma litseke zonsezi," tiyenera kumvetsa ululu wake, koma tisamlonjeze mankhwala amene adatipweteka kale. Foni ilibe chipata choti mlonda aimepo. Chimene tingachite nchochepa koma ncholimba. Miphakati ingakambirane ndi mafumu ndi eni tinyumba ta vidiyo, poyera, za maola a sukulu ndi za mafilimu osayenera ana. Uku ndi kuphimba kokhala ndi dzina ndi chifukwa. Akatekisiti ndi alangizi a achinyamata angaphunzitsidwe kufunsa mafunso atatu pa filimu iliyonse: adaipanga ndani, akudya chiyani pa mantha anga, nanga ikundiuza kuti ndiope yani? Filimu imene ikutuma mwana kuopa agogo ake yalephera mayeso, ngakhale itatchula dzina la Yesu kakhumi. M'seminale, wophunzira filosofi amene wawerenga Plato ndi Augustine ayenera kuoneranso mafilimu ovuta pamodzi ndi aphunzitsi ake ndi kuwasanthula, pakuti mbusa sangaweruze msipu umene sadaupondepo.

Chotsiriza ndi kusunga. M'maparishi athu akale muli mabuku m'mene amishoni ankalemba zochitika za tsiku ndi tsiku, ndipo mwina muli mawu onena za Achewa amene lero angatichititse manyazi. Tisawang'ambe, ndipo tisalole chiswe kutichitira ntchito imene ife tikuchita nayo manyazi. Akhristu amene adabisa kalata ya 1992 kudenga kapena m'nkhokwe akukalamba. Mawu awo alembedwe akadali moyo. Mfumu Yehoyakimu itatentha mpukutu, Yeremiya adaitana Baruki, nalembetsa wina, ndipo adaonjezamo mawu ambiri. Mneneri adatha kutero chifukwa adali moyo ndipo ankakumbukira. Mboni zathu sizidzakhala nafe nthawi zonse, ndipo ntchito ya Baruki yatigwera ife.